ZA MABWALO AWIRI, LA KU WORMS NDI LA KU MARBURG

Pali mau amodzi amene timawamva kawiri kawiri pa mirandu ya mumpingo, ndi pa makani a m'njira pobwera ku mapemphero. Munthu atsegula Buku Lopatulika, naloza ndime ndi cala cace, nati, Kwalembedwa. Ndipo ayesa kuti mlandu watha pomwepo. Koma taonani, mnzace atsegula Buku lomwelo, naloza ndime yina, natinso, Kwalembedwa. Tsono onse awiri abwerera kwao ali cikwiyire, yense alikuyesa kuti Mulungu ali ku mbali yace. Ndipo nthawi zina mpingo umene unali umodzi ugawika pakati, ena nakamanga nyumba yao yao yopemphereramo kutsidya kwa mseu.

Bvuto ili silinayambe ndi ife. Cifukwa cace tifuna kukumbutsana za mabwalo awiri amene anakhala m'dziko la Germany, loyamba m'mudzi wa Worms caka ca 1521, laciwiri m'mudzi wa Marburg caka ca 1529. Munthu mmodzi, Martin Luther, anaima pa onse awiri. Bwalo loyamba tilidziwa ndi kulikonda. Laciwiri sitilichula kawiri kawiri, pakuti liri ndi cisoni m'kati mwace. Koma iye amene aphunzira loyamba lokha watola theka la phunziro.

MUZU WA MLANDU

Tisayese kuti Akristu a masiku aja anali kukana Malembo. Iai, kuyambira Papa wa ku Roma kufikira wansembe wa kamudzi kakang'ono, onse anabvomereza kuti Bukuli ndilo Mau a Mulungu. Linawerengedwa m'mapemphero m'Cilatini, monga analimasulira Jerome pafupi ndi caka ca 400, ngakhale anthu wamba sanamve cinenero cimeneco. Funso lobvuta linali ili: Pakabuka makani pa tanthauzo la Malembo, mau otsiriza ali ndi yani? Akuru a Eklesia anayankha kuti ali ndi Papa ndi Misonkhano yaikuru ya mabishopu. Ndipo cifukwa cao sicinali copusa. Pakuti anati Eklesia ndiye anasunga mabuku awa zaka zonsezi, nawazindikira kuti ndiwo opatulika. Nanga adzawamasulira ndani woposa iye?

Zinthu ziwiri zinasula mlanduwo. Coyamba, Johannes Gutenberg wa ku Mainz anapanga makina osindikizira, nasindikiza Buku lonse m'Cilatini pafupi ndi caka ca 1455; ndipo kuyambira pamenepo mabuku anayamba kucuruka. Caciwiri, m'caka ca 1516 wophunzira dzina lace Erasmus anaturutsa ku Basel Cipangano Catsopano m'Cihelene, ndico cinenero cimene atumwi analembamo. Pamenepo ophunzira anakhoza kulinganiza Cilatini ndi Cihelene, napeza kusiyana. Pamene Ambuye aitana anthu kuti alape, mau a Cilatini anamveka kwa ambiri monga lamulo la kucita mwambo wa kulapa pamaso pa wansembe. Koma liu la Cihelene linena za kusandulika kwa mtima ndi maganizo. Liu limodzi lokha, koma nyumba yaikuru ya miyambo inatsamira pa ilo.

Luther anali mmonke, ndi mphunzitsi wa Malembo pa yunivesite ya ku Wittenberg, kumene anatanthauzira Masalmo ndi kalata ya Paulo kwa Aroma. Pa 31 October, 1517, anaturutsa mitu 95 yotsutsa malonda a makalata a cikhululukiro, amene anthu anagula poyembekeza kucepetsa cilango ca macimo, cao ndi ca abale ao akufa. Poyamba unaoneka ngati mlandu wa ndalama. Koma m'caka ca 1519, pa mtsutso wa ku Leipzig, mphunzitsi wocenjera dzina lace Johann Eck anampanikiza, namuuza kuti ciphunzitso cace ndico ca Jan Hus wa ku Bohemia, amene Msonkhano waukuru wa ku Constance unamtsutsa, natenthedwa ndi moto m'caka ca 1415. Luther anayankha kuti mwa mau a Hus amene Msonkhanowo unakana, ena anali Acikristu ndithu. Ponena ici anabvomereza kuti ngakhale Msonkhano waukuru ukhoza kusokera. Ndipo nkhwangwa inafika pa muzu.

BWALO LA KU WORMS

Papa Leo X anamtumizira kalata yomcenjeza kuti abweze mau ace. Luther anaitentha poyera pa 10 December, 1520, ndipo m'mwezi wotsatira anacotsedwa mu Eklesia. Pamenepo Kaisara Charles V, ndiye mnyamata wa zaka 21, anamuitana ku bwalo lalikuru la ufumu limene linasonkhana ku Worms, namlonjeza kuti adzapita ndi kubwera wosapwetekedwa. Hus nayenso analandira lonjezo lotere, ndipo silinampulumutse. Luther anacidziwa ici, koma anapita.

Pa 17 April, 1521, anamuimika pamaso pa Kaisara ndi akalonga ndi mabishopu. Mabuku ace anaunjikidwa pagome, ndipo anamfunsa zinthu ziwiri: ngati mabukuwo ndi ace, ndi ngati adzabweza zolembedwamo. Coyamba anabvomera, pa caciwiri anapempha nthawi yakuganizira, ndipo anampatsa tsiku limodzi. M'mawa mwace, dzuwa litapendeka, anaimanso, nayankha kuti akapanda kumtsutsa ndi umboni wa Malembo kapena ndi cifukwa comveka bwino, sakhoza kubweza kanthu; pakuti Apapa ndi Misonkhano analakwapo kale natsutsana okha okha, ndipo cikumbu mtima cace cinamangidwa ndi Mau a Mulungu.

Tiyang'anitse bwino mayankhidwe awa, abale. Luther sananene kuti mtima wace wamuuza, kapena kuti analota loto, kapena kuti mzimu wamnong'oneza. Anapempha kuti amuonetse kulakwa kwace m'Buku. Ndiko kunena kuti anadziika yekha pansi pa Buku, pamodzi ndi Papa ndi Kaisara. Ici ndico colowa cathu, ndipo tiyenera kuyamika Mulungu cifukwa ca ico.

Koma wofunsa mafunso uja, ndiye nduna ya bishopu wamkuru wa ku Trier, anali nao mau amene sitiyenera kuwaiwala. Anamuuza Luther kuti ampatuko onse a kale lomwe anabisala m'Malembo. Ndi kuti munthu ali yense akaloledwa kugwetsa zoweruza za Misonkhano ndi kumasulira kwace kwa iye yekha, sipadzatsala kanthu kokhazikika mwa Akristu. Tsiku lija mau awa sanamgwedeze Luther, ndipo kunali koyenera. Koma funso liri m'kati mwao silinafe.

M'mwezi wa May Kaisara analamula kuti munthu asampatse Luther cakudya kapena pogona. Koma Kalonga Frederick wa ku Saxony anatuma anthu ace amgwire m'njira monga acifwamba, namubisa m'linga la Wartburg. Momwemo, m'masabata ngati 11, anamasulira Cipangano Catsopano kucokera m'Cihelene kulowa m'Cijeremani. Cinasindikizidwa mu September, 1522, ndipo Buku lonse linatha m'caka ca 1534. Tsopano mlimi ndi mmisiri anakhoza kuwerenga okha, kapena kumva mwana wao alikuwawerengera.

WINA WA BUKU LOMWELO

M'masiku omwewo, kumwera, m'dziko la mapiri la Switzerland, munali wansembe dzina lace Huldrych Zwingli, wobadwa masabata owerengeka m'mbuyo mwa Luther. Pa 1 January, 1519, anayamba nchito m'mudzi wa Zurich, nasiya ndime zoikika za mapemphero, nalalikira Uthenga Wabwino wa Mateyu kuyambira mutu woyamba, ndime ndi ndime, osadumpha. M'caka ca 1525 mudziwo unaleka Misa; ndipo m'caka comweco Zwingli anayambitsa msonkhano wa m'mamawa, pamene abusa ndi ophunzira anawerenga Cipangano Cakale m'Cihebri ndi m'Cihelene ndi m'Cilatini, natsiriza ndi kufotokozera anthu m'cinenero cao. Palibe anganene kuti munthu uyu anapeputsa Malembo.

Koma posacedwa funso la nduna ya ku Trier linagogoda pakhomo pace. Ena mwa ophunzira ace anawerenga Cipangano Catsopano, nati sapezamo ubatizo wa makanda. Ndipo mu January, 1525, anayamba kubatizana ali akuru. Zwingli anawayankha ndi Malembo, naloza ku mdulidwe ndi ku pangano la Mulungu ndi Abrahamu ndi mbeu yace. Iwo sanakhutire, ndipo akuru a mudzi anatenga mlanduwo, namiza mmodzi wa iwo, Felix Manz, m'mtsinje wa Limmat pa 5 January, 1527. Zisanathe zaka 6 cicokere bwalo la ku Worms, mudzi wotama Malembo unapha munthu amene anapempha cinthu comweco cimene Luther anapempha, ndico kuti amtsutse ndi Buku. Ici ticilemba ndi manyazi, koma kucibisa sitingathe.

Makani oposa anabuka pa Mgonero wa Ambuye. Usiku uja anaperekedwa, Ambuye anatenga mkate, nauchula thupi lace. Luther ndi Zwingli onse awiri anakana kuti Misa ndiyo nsembe yoperekedwanso cifukwa ca macimo. Koma Luther anaphunzitsa kuti thupi leni leni la Kristu liripo pamodzi ndi mkate, ndi kuti wakudya alilandira ndi pakamwa pace. Zwingli anaphunzitsa kuti mkate ndiwo cizindikilo ndi cikumbutso ca thupi loperekedwa kamodzi pamtanda, ndi kuti Kristu adyedwa ndi cikhulupiriro. Mlandu wonse unalenjekeka pa kaliu kamodzi ka Cilatini, est, ndiko kunena "ndi": kodi kanena kuti mkate ndi thupi ndithu, kapena kuti mkate uimira thupi? Zaka zingapo analemberana mabuku owawa, natukwanana pamaso pa adani ao.

BWALO LA KU MARBURG

Mu April, 1529, bwalo la ufumu la ku Speyer linabweza ufulu umene akalonga otsata Luther anali nao. Ndipo iwo, pamodzi ndi midzi 14, analemba kalata yokana, kumene kunacokera dzina lakuti Protestanti. Kalonga Philip wa ku Hesse anaona kuti nkhondo iri pafupi, nadziwa kuti cala cimodzi siciswa nsabwe. Cifukwa cace anaitana aphunzitsi a mbali zonse ziwiri ku linga lace la ku Marburg. Luther anadza ndi Philip Melanchthon. Zwingli anadza ndi Johannes Oecolampadius wa ku Basel ndi Martin Bucer wa ku Strasbourg. Anakambirana kuyambira pa 1 kufikira pa 4 October.

Asanayambe, Luther anatenga coko, nalemba pagome mau a Ambuye onena za mkate, nawaphimba ndi nsaru ya pagomepo. Ndipo makani atakula anabvundukula nsaruyo, nawaloza. Anati mauwa ali omveka, ndipo ndiwo mau a cipangano ca Munthu wopita kukafa. Sikuli kwa ife kuwakhotetsa cifukwa nzeru zathu zalephera, pakuti Mulungu akhoza kucita zoposa zimene tingaganize.

Zwingli ndi Oecolampadius anayankhanso ndi Buku. Anati Malembo alankhula m'mafanizo kawiri kawiri: Ambuye adzichula mpesa ndi khomo, Paulo achula thanthwe la m'cipululu Kristu, ndipo Yosefe pomasulira loto la Farao anachula ng'ombe zaka. Analoza ku Yohane mutu 6, pamene Ambuye aphunzitsa kuti moyo ucokera kwa Mzimu, si kwa thupi. Anatinso thupi la Kristu linakwera Kumwamba, likhala pa dzanja lamanja la Atate. Ndipo thupi leni leni la munthu likhala pa malo amodzi. Luther anakana kuti Yohane 6 anena za Mgonero. Ndipo za dzanja lamanja la Mulungu anali ataphunzitsa kale kuti si malo ai, koma mphamvu yace yopezeka ponse ponse.

Tisafulumire kuweruza anthu awa monga okonda makani cabe, pakuti yense anaopa cinthu coopsadi. Luther, amene anazunzika zaka zambiri ndi cikumbu mtima, anaopa kuti wocimwa wosweka mtima adzalandidwa citonthozo ca kulandira Kristu mwini. Anaopanso kuti liu limodzi lomveka likasandutsidwa fanizo, mawa ena adzasandutsa kuuka kwa akufa. Zwingli anaopa kupembedza mafano, kuti anthu adzakhulupirira mkate wooneka ndi maso, naiwala nsembe imodzi ya pa Gologota.

Mliri wa nthenda ya thukuta unalowa m'mudzimo, ndipo anafulumira kumwazikana. Popemphedwa ndi kalonga, Luther analemba mitu 15 ya cikhulupiriro. Pa mitu 14, ya Utatu, ya ucimo, ya kuyesedwa wolungama ndi cikhulupiriro, ya ubatizo ndi yina, anabvomerezana onse. Ndi pa mutu wotsiriza, wa Mgonero, anabvomerezana zambiri, kupatula cinthu cimodzi, ndico ngati thupi ndi mwazi ziripo mwathupi mu mkate ndi vinyo. Analemba maina ao, nalonjeza kucitirana cikondi monga cikumbu mtima cingalole. Koma pamene Zwingli anapempha ndi misozi kuti alandirane monga abale, Luther anakana; ndipo kwa Bucer ananena kuti mzimu wao ndi wosiyana ndi wace.

ZOTSATIRA ZACE

Anthu awiriwa sanaonanenso. Zwingli anafera ku nkhondo ya ku Kappel pa 11 October, 1531. Luther anamwalira mu February, 1546. M'caka ca 1547 Kaisara anagonjetsa akalonga Aciprotestanti pa Mühlberg, ndipo Philip wa ku Hesse anakhala m'ndende zaka 5. Kuyambira pamenepo mitsinje iwiri inayenda payokha payokha, wa Cilutera ndi wa Eklesia Wokonzedwa.

Mu April, 1546, Msonkhano wa Aroma wa ku Trent unapereka yankho lace: kuti Malembo ndi miyambo yocokera kwa atumwi zilandiridwe ndi ulemu umodzi, ndi kuti Eklesia yekha aweruza tanthauzo loona. Makolo athu a Eklesia Wokonzedwa sanabvomere yankho ili. Koma atapsa ndi moto wa ku Marburg anaphunzira kufotokoza bwino cimene anakhulupirira. John Calvin wa ku Geneva anaphunzitsa kuti mu Mgonero wokhulupirira adyadi Kristu, si ndi mano, koma mwa nchito ya Mzimu Woyera. Ndipo m'caka ca 1549 anagwirizana ndi Heinrich Bullinger, wolowa m'malo mwa Zwingli. Cibvomerezo ca ku Westminster, cimene Eklesia wa ku Scotland anacilandira m'caka ca 1647, ciphunzitsa kuti si zonse za m'Malembo ziri zomveka mofanana, koma zofunika ku cipulumutso ziri poyera, kotero kuti wosaphunzira yemwe akhoza kuzizindikira. Kuti ndime yobvuta iunikidwe ndi ndime zina zomveka. Ndi kuti Misonkhano ikhoza kulakwa, komabe iri yothandiza, yoyenera kuimvera pamene ibvomerezana ndi Mau. Ici ndico ciphunzitso cimene amishoni a ku Scotland ndi a ku South Africa anadza naco kuno kwathu.

Ndipo mabala akale anayamba kupola, ngakhale mocedwa. M'caka ca 1965 Msonkhano waciwiri wa ku Vatican, ungakhale unasunga ulamuliro wa kumasulira m'manja mwa Papa ndi mabishopu, unanena kuti udindo wophunzitsawo suli pamwamba pa Mau a Mulungu, koma uwatumikira. Nulimbikitsa kuti Akristu onse apate Malembo m'zinenero zao. Ndipo pa 16 March, 1973, ku Leuenberg, pafupi ndi Basel, mipingo yambiri ya Cilutera ndi Yokonzedwa ya ku Europe inapangana kuti matemberero a makolo sakhudzanso ciphunzitso ca abale ao, nalandirana pa guwa lolalikirapo ndi pa gome la Ambuye. Dzanja limene linakanidwa ku Marburg linagwiridwa patapita zaka 444.

CIMENE TITENGAPO IFE

Ife tiri nalo Buku lonse m'cinenero cathu kuyambira caka ca 1922. Cifukwa cace mabwalo onse awiri ali athu. La ku Worms litiuza kuti palibe mbusa, kapena Sinodi, kapena mfumu, kapena wodzichula mneneri, amene akhala pamwamba pa Mau a Mulungu. Ndipo Mkristu wamng'ono ali nao ufulu wa kufunsa wamkuru kuti amuonetse m'Buku. Paulo mwini analalikira ku Bereya, ndipo anthu a komweko anayamikidwa cifukwa anasanthula m'Malembo masiku onse kuti aone ngati zinthu ziri zotero.

La ku Marburg litiuza kuti ulamuliro wa Buku ndi ulamuliro wa kumva kwathu ndizo zinthu ziwiri. Buku silisokera, koma owerenga asokera, ngakhale akuru ngati Luther ndi Zwingli. Kuchula ndime sikutha mlandu, pakuti Satana yemwe anachula Salmo poyesa Ambuye m'cipululu. Ndipo Petro acenjeza kuti m'makalata a Paulo muli zina zobvuta, zimene osakhazikika azipotoza nadziononga nazo. Mdindo wa ku Aitiopiya anali nalo buku la Yesaya m'manja, koma sanacite manyazi kupempha Filipo akwere pagareta namtsogolere. Makolo athu anati, Safunsa anadya phula.

Tsono pakabuka makani pakati pathu, tiwerenge mutu wonse, si ndime imodzi yokha. Tifunse ngati mauwo ali lamulo, kapena mbiri, kapena fanizo, ndi kuti analembera yani. Tiunike zobvuta ndi zomveka. Timve abale amoyo, ndi iwo amene anatitsogolera m'zaka zakale. Ndipo tifunse mnzathuyo cimene aopa, pakuti kapena alikusunga coonadi cimene ife taciiwala. Ziripo zinthu zimene Mkristu ayenera kuimapo yekha, ngakhale pamaso pa Kaisara. Koma si ndime yonse yobvuta iri bwalo la ku Worms. Ndipo tisanakanize mbale dzanja, tiyambe tawerenga mitu imene tibvomerezana naye; kapena tidzaipeza iri 14.

Ambuye atipatse mtima wolimba pamaso pa anthu, ndi mtima wofatsa pamaso pa Mau ace.